Lumo Silifuna Moto

Bambo anga, a Leston, ankakonza ndi kunola malumo pakhonde la nyumba yathu ku Kawale. Sindikunena timalezala ta pa okala ayi. Ndikunena lumo lenileni, lopinda, la chigwiriro cha nyanga. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa a Ashraf, mmwenye wina wometa anthu ku Old Town, ndipo a Ashrafwo posiya ntchito anawapatsa lumo lawo.

Anthu ankabwera ndi malumo adzimbiri omwe awapeza m'masutikesi a makolo awo. Bambo ankachotsa dzimbirilo ndi mafuta a makina osokera, kenako n'kukhala pansi ndi miyala yawo itatu, wokhakhala, wapakati ndi wosalala, akudonthezera madzi. Pomaliza ankalipukuta pa lamba wachikopa. Lumo limodzi, masiku awiri athunthu! Likatha ankandizula tsitsi limodzi n'kulikhudzitsa pa lumopo. Likapanda kuduka lokha, ankayambiranso. Ankati lumo silifuna moto, limafuna kulinyengerera.

Mlongo wanga wamng'ono, Herbert, amawotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo mawu amenewa ankangowaseka. Ankati mdala akutaya nthawi, pa galayinda yake, makina opalira zitsulo, ntchito imeneyi ndi ya mphindi ziwiri. Bambo anamuuza kambirimbiri kuti chitsulo cha lumo chikatentha chimafa, sichidzadyanso. Koma Herbert ndi nkhutukumve, phuma ndiye dzina lake.

Chaka chatha Bambo anagwa ndi sitiroko, dzanja lamanja n'kufa. Lumo la a Ashraf linayamba dzimbiri m'kabati. Tsiku lina Bambo anandiitana, Herbert ali pomwepo, makutu ake awiri ali bwinobwino.

"Zipora, tsiku lometa maliro anga mudzametane ndi lumo ili. Ulikonze ndiwe, wakhala ukuona."

Ndinayamba. Manja anga sanazolowere, moti ndinatha milungu itatu pa miyala iwiri yokha, Bambo akundiwongolera ndi maso. Anatisiya ndisanafike pa mwala wosalala. Tinawaika Lachinayi, ndipo malume athu, a Saulos, analengeza kuti kumeta ndi Loweruka. Ndinadziuza kuti Lachisanu masana, alendo akachepa, ndimaliza.

Masanawo ndikatsegule kabati, lumo mulibe. Posakhalitsa Herbert anatulukira akumwetulira, atalikulunga m'nyuzipepala.

"Achemwali, ndakuchepetserani ntchito. Onani mmene likuwalira."

Mayo ine! Lumo lomwe linameta anthu zaka makumi asanu osabenthuka linali litapsa pa galayinda, kukamwa kwake kuli bii, mano ngati sowo. Ndinalikhudzitsa tsitsi, tsitsi linangopindika. Ndinaliika pa mwala, chitsulo chikungonyenyeka. Kunena zoona, imfa ya Bambo inandiliza, koma ichi chinandipsetsa mtima koopsa. Ndinamufunsa ngati anali wogontha tsiku lija. Iye akuti amafuna kuthandiza. Kuthandiza! Munthu wakufa anapempha kanthu kamodzi kokha.

Loweruka m'mawa abale tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba. A Saulos ataliona lumolo anapukusa mutu, nati tingogula malezala, malemu amvetsa. Ndinakana. Ndinati Bambo sanatchule lezala, anatchula lumo ili, ndipo mawu awo sagwera pansi ine ndili moyo. Enanu tikumetani ndi lezala, koma mutu umodzi ulawe lumoli.

Onse anatembenukira kwa Herbert. Anadzuka yekha, n'kudzagwada patsogolo panga.

Ndinamupaka sopo, ndinayamba. Lumolo silinkameta, linkazula. Timagazi tinayamba kutsikira kukhutu. A Saulos anati basi, zakwana, koma Herbert anakweza dzanja kuwaletsa. Misozi inkagwera pamaondo ake. Nditafika pakati pa mutu, dzanja langa linaima.

"Malizani, achemwali," anatero. "Bambo ndinawamva tsiku lija."

Ndinamaliza mutu wonse.