Zala Zinayi za Tereza

Linali Lachiwiri, tsiku lokongoletsa nyumba. Kwathu kunali ku Tete, m'dziko la Mozambique, nthawi ya nkhondo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mng'ono wanga Tereza zisanu ndi chimodzi.

Amayi anali atakanya katondo m'phale. Tinkaviika manja m'dothi lofiiralo n'kudinda zikhatho pakhoma. Tereza ankalekeza pansi pa zenera. Anali atadinda katatu.

Mfuti zinayambira kuchigayo. Nkhuku zinayamba kuthawa, anthu pambuyo. Amayi anabereka khanda lathu kumsana n'kundiuza kuti, "Gwira mng'ono wako, usamutaye."

Panalibe nthawi yosamba m'manja. Katondo wonyowa amaterera ngati therere.

Pamtsinje panali mudzi wonse, ndipo powolokera panali pamodzi. Tereza anandigwira pamkono. Munthu wina wosenza mtolo anadutsa pakati pathu. Ndinamva zala za Tereza zikupulumuka. Nditacheuka ndinangoona mitu ndi mitolo. Ndinaitana, koma anthu ankandikankhira kutsidya. Sindinabwerere. Ndanena zimenezi mumtima zaka zambiri, lero ndikuzilemba: sindinabwerere.

Tinayenda masiku awiri. Pamkono panga panauma mizere inayi yofiira, pomwe zala zake zinadutsa. Ndinakulungapo nsanza. Amayi sanandikalipire. Bola akanandimenya.

Tinalowa m'Zambia ndili ndi malungo, ndipo ndinakomoka. Nditatsitsimuka ndinali pamphasa, ndikununkhira sopo. Mayi wina wachifundo wa m'mudzi womwe tinafikira anali atandisambitsa thupi lonse. Ankamwetulira. Ndinayang'ana mkono, woyera mbee. Ndinakuwa, iye n'kumati ndi malungo.

Ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo, ndinakwatiwa, ndipo ndakalambira kuno ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka. Anthu ankanditama kuti ndine wolimba mtima. Ankanama. Tsiku lina pasiteshoni ya Intercity, m'chipiringu cha okwera mabasi, kamwana ka eni kanandigwira pamkono poyesa kuti ndine mayi wake. Ndinangokhala pansi pafumbi. Kuchokera pamenepo chakudya chinkandikana, ndipo anthu ambiri ndinkawaopa. Kutchalitchi anati ndi ziwanda. Anandipempherera mpaka mawu kuwasasa, koma ziwandazo sizinasunthe.

Mwana wanga Chisomo ndiye ananditengera kwa mlangizi wa odwala maganizo. Ndinapitako katatu osatsegula pakamwa. Kachinayi mlangiziyo anangoika pepala ndi penti patebulo. Burashi sindinaikhudze. Ndinaviika zala zinayi mu penti yofiira n'kuzikoka papepala. Ndinalira mpaka kamisolo kunyowa, ndipo tsiku limenelo ndinadya.

Tsopano ndimapenta m'mawa uliwonse pakhonde. Sindinachire, koma basi ndimakwera. Mayi wina wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera, ataona zithunzi zanga anati m'Chinyanja cha kuno, "Ba mayo, maluwa aya ni abwino maningi." Ndinamusiya. Aone maluwa, ali ndi mwayi.

Amayi anafika nane ku Zambia, ndipo anamwalira atakalamba. Khanda lija linafika, lero lili ndi imvi. Za Tereza sitinamvenso kanthu, ngakhale manda oti tikasesepo.

Chithunzi chake tilibe, ndipo nkhope yake inandithawa kale. Ndatsala ndi mizere inayi ija. Ndayesa ndi burashi, ndayesa ndi nsonga za zala, koma nthawi zonse imatuluka yaikulu. Zala zanga zinakula. Zake zikadali za zaka zisanu ndi chimodzi.