Mabatani Awiri Ofiira Ndi Moto wa M'nzimbe

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuotcha mkazi wanga ndi mwana wanga ali amoyo, chikhalirecho ndinali pampando mu ofesi, machesi osawagwira n'komwe. Mpaka lero ndikamva fungo la nzimbe zopsa ndimakumbuka tsiku limenelo. Ndati ndikuuzeni momwe zinayendera, makamaka inu amene mumapanga zinthu za pa kompyuta zoti anthu ena azigwiritsa ntchito.

Zinali zaka zija matipate atangokhazikika, mabungwe akuphuka ngati bowa, mafoni a m'manja atangoyamba kufika kwathu kuno. Ine ndinali nditaphunzirako za makompyuta ku tauni, ndipo ndinalembedwa ntchito pa kabungwe kena ka alimi a nzimbe cha ku Dwangwa. Kunena zoona ndinkadzimva. Mu ofesi monse munalibe wina wodziwa kulemba pulogalamu, ndipo ndikamadutsa pamsika anthu ankalozerana kuti uyo ndiye amalankhula ndi makina.

Amene simunakhaleko kudera la nzimbe, dziwani kuti munda usanadulidwe amayamba autentha kuti masamba apse komanso njoka zithawe. Moto wake si wamasewera. Umalira ngati galimoto yaikulu, ndipo ukapeza mphepo umathamanga kuposa munthu. Minda yathu inali yotalikirana, wayalesi yolankhulirana inali ndi ife a mu ofesi ndi alonda a pazipata okha, koma anyamata oyatsa moto tinawagulira foni ya m'manja. Ndiye ine ndinapanga pulogalamu yotumiza uthenga kuchokera pa kompyuta kupita ku foni imeneyo. M'mawa tinkatumiza kuti munda wakuti muyatse dzuwa likafika pamutu. Kukachitika china, tinkatumiza wina wakuti imani.

Pofuna kuti ndioneke katswiri, mabatani awiriwo sindinawalembe mawu. Ndinajambula zithunzi: lina la malawi a moto, lina la chikhatho choletsa. Onse awiri ndinawapaka ofiira, poti moto ndi wofiira ndipo chizindikiro choletsa nachonso chimakhala chofiira. Ndinawakonza moti umayenera kuwaloza ndi mausi basi, kiyibodi inalibe nawo ntchito. Akuluakulu a bungwe ataona anaomba m'manja, amvekere ngakhale wosapita kusukulu atha kugwiritsa ntchito. Tsiku limenelo ndinayenda ngati sindikuponda pansi. Zoti kuli anthu amene chithunzi sichiwauza kanthu sizinandidutse m'mutu.

Kenaka maso anga anayamba kundithawa. Poyamba ndinkati ndi utsi wa nzimbe. Ndinkagunda mafelemu a zitseko, njinga zinkangotulukira pambali panga osaziona kumene zachokera. Kuchipatala anandiuza kuti madzi a m'diso akupanikiza mtsempha, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera. Diso la kumanzere linali litapita kale, la kumanja linkaona ngati m'chifunga. Ndinatuluka m'chipinda cha dokotala nditatsimikiza mumtima kuti palibe amene adziwe, ngakhale mayi a Tadala, mkazi wanga. Ndinkaopa kuchotsedwa ntchito, ndinkaopa kumveredwa chisoni, ndinkaopanso kuti anthu aja ankandilozerana pamsika ayamba kundilozerana pa chifukwa china.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuululira, a Mwale, mphunzitsi wosaona amene tinkapemphera mpingo umodzi. Iwo anali ndi pulogalamu yolankhula imene anapatsidwa ndi anzawo akunja, yowerenga mokweza zonse zili pa sikirini. Anandigawira, ndipo ndinaiika mu kompyuta ya ku ofesi mobisa. Ndinkavala mahedifoni, mnzanga wa mu ofesi, a Jafali, n'kumaganiza kuti ndikumvera nyimbo. Makalata inkandiwerengera bwinobwino m'Chingerezi chake cha m'mphuno. Koma nditatsegula pulogalamu yanga ija, mawu aja anangoti batani, batani, osanena kuti la chiyani. Ndikadina Tabu, lomwe limadumphitsa munthu kuchoka pa chinthu china kupita pa china, mabatani anga awiri ankangolambalalidwa ngati palibepo.

A Mwale nditawafotokozera anaseka, nati: “Achimwene, mwamanga nyumba yokongola koma khomo mwaika padenga. Lipatseni dzina batani lililonse, ndipo kiyibodi izifikapo. Imeneyo si ntchito ya tsiku limodzi kodi?”

Inalidi ntchito yosatha ngakhale tsiku. Koma inu owerenga, mantha amapusitsa. Kukonza mabatani aja kunali ngati kusayina kuti ndavomera khungu, ndipo ine mumtima ndinkayembekezabe kuti tsiku lina ndidzadzuka ndikuona. Komanso a Jafali akanafunsa kuti bwanji mukusintha chinthu chimene mabwana anachiyamikira, ndiye ndikanayankha chiyani? Ndinapeza kanjira kanga kachinyengo. Ndinkakankhira mausi mpaka pakona, kenaka n'kuibweza pang'ono kumanja ndi kumunsi monga mmene dzanja linazolowerera, apo ndiye panali pa moto. Ndikapitirira pang'ono panali pa chikhatho. Masiku ambiri ndinkangopeza chifukwa choti a Jafali adine okha. Zokonza ndinkati mawa, mawa lake osafika. Akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Sabata ya tsokalo bungwe linalandira sikirini yatsopano, yaikulu, ndipo a Jafali anailumikiza mokondwa. Zinthu zonse pa sikirini zinasuntha malo. Dzanja langa linasanduka mlendo, koma ndinapitiriza kubisa vuto langa.

Linali Lachisanu, nyengo ya mwera. M'mawa a Jafali anatumiza uthenga woti munda wa kufupi ndi njira ya kunyanja uyatsidwe dzuwa likafika pamutu, ndipo nthawi itayandikira ananyamuka kupita ku mzikiti kukaswali Juma. Ndinatsala ndekha. Posakhalitsa wayalesi inakhosomola, ndipo ndinamva mawu a a Kamanga, mlonda wa pachipata, amene ankatchula bambo aliyense kuti ada.

“Ada, imitsani moto! Azimayi a ku Nkhunga alowa m'kanjira ka pakati pa nzimbe, akudula njira kupita kukagula usipa ku Ngala. Ndawakuwira koma mphepo yandilanda mawu. Akazi anu ali pomwepo, mwana ali kumsana!”

Ndinakumbuka kuti m'mawa mayi a Tadala ananenadi zopita kunyanja, ine n'kungoyankha kuti chabwino, osafunsa njira. Anyamata oyatsa anali tsidya lina la munda, kutali koti a Kamanga sakanafikako ndi miyendo. Chimene chikanawaimitsa ndi uthenga wa pa foni, ndipo uthengawo unali kuseri kwa batani limodzi mwa awiri aja.

Ndinagwira mausi. Pa sikirini ndinkaona zinthu ziwiri zofiira zosungunuka, zofanana ngati mapasa. Kamuvi ka mausi sindinkakaona n'komwe. Ndinavala mahedifoni n'kuyendetsa mausi uku ndi uku, mpaka mawu aja anati batani. Ndinasuntha pang'ono, anatinso batani. Liti? Ndikanadina la moto, uthenga wopita ukanakhala wakuti yatsani tsopano lino, ndipo ndikanakhala ndafulumizitsa imfa ya banja langa ndi chala changa. Ndinadina Tabu mobwerezabwereza ngati wamisala, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndine ndemwe ndinatseka njira imeneyo. Ndinaganiza zozula pa chingwe foni imene kompyuta inkatumizira mauthenga n'kuimba, koma nambala ya anyamata aja inali m'kati mwa pulogalamu, pamtima ndinalibe, ndipo timalemba ta pa foni ndinali nditasiya kale kutiona.

Sindinayambe ndaopapo chomwecho. Thukuta linkatsikira m'maso opanda ntchitowo, m'makutu mukungolira mtima. Ndinkamuona Tadala m'maganizo, timiyendo tikulendewera m'chitenje, akuyamwa chala osadziwa kanthu. Wayalesi inkangoitana kuti ada, ada, mwatumiza?

Ndinatuluka panja ndikugunda mipando, n'kukuwa mawu amene ndinawabisa nthawi yonse ija: “Thandizeni! Ine sindiona! Sindiona ine!”

Pabwalo panalibe munthu kupatula mayi wina wachikulire amene ankagulitsa chinangwa chophika pansi pa mtengo wa mango. Ndinawakokera mkati ndi dzanja, iwo akudabwa kuti mwana wa eni wapenga. Anali asanagwirepo kompyuta chibadwire. Nditawapatsa mausi anainyamula m'mwamba n'kuilozetsa ku sikirini ngati tochi. Ndinawalanda, n'kuwapempha kuti akhale maso anga, ine ndikhale dzanja.

“Amayi, mukuona chikhatho chofiira? Mukuona kamuvi koyera? Ndiuzeni ndipite kuti!”

“Dikira mwanawe, kamuviko kathawa. Ako! Bwera nako kuno. Ayi, kuno!”

Ankaloza ndi chala, kuiwala kuti chalacho sindikuchiona. Ndinachita kuwagwira mkono kuti ndimve kumene ukuloza. Nthawi imene inatayika pamenepo ndimaiwerengabe m'maloto. Potsiriza anati kafika pachikhatho penipeni, ndipo ndinadina ndikupemphera kuti mayiwa asakhale atasokoneza dzanja ndi malawi. Tisanapume n'komwe, iwo anasuzumira pawindo nati, “Mayo ine, utsi uwo!”

Uthenga unafika anyamata atayatsa kale mbali imodzi. Ataona anasiya mbali zinazo, nathamanga mozungulira munda akukuwa. Kukanakhala kuti anayatsa mbali zonse monga mwa masiku onse, munda ukanatsekeka ngati ng'anjo, ndipo nkhani ino bwenzi ili ina. Azimayi aja anamva kulira kwa moto kumbuyo kwawo, nataya mabeseni, n'kuthamangira kumene kunalibe utsi. Mayi a Tadala, poti anali ndi mwana, anatsalira. Malawi atawayandikira anamasula mwana, namufungatira pachifuwa, n'kudzigwetsa chafufumimba m'ngalande ya madzi. Moto unadutsa pamwamba pawo.

Ine zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinali m'njira, ndikuthamanga mophunthwa kulowera kumene kunkachokera fungo, phulusa likundigwera kumaso, ndikuitana dzina la mwana wanga. Ndinagwera m'dzenje, ndinadzuka, ndinagweranso. Amene ananditola ndi a Jafali pochokera ku mzikiti, ndipo anangondikweza pa njinga yawo.

Tadala anatuluka wopanda bala, anangomwa madzi amatope. Mayi ake anapsa msana ndi phewa, ndipo anagona m'chipatala nthawi yaitali chafufumimba. Tsiku limene ndinalimba mtima kuwauza zonse, anati: “Bambo a Tadala, mumayesa sindinkadziwa? Munthu wothira mchere mu tiyi, wopatsa moni mtengo wa papaya? Ndinkadikira kuti mundiuze nokha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti moto wa anthu uli m'manja mwanu.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa, chifukwa anali oona.

Ntchito sanandichotse tsiku lomwelo monga ndinkaopera. Anandichotsa pa za moto, ndipo m'pomveka. Ndisanachoke pa mpando umenewo, ndinakhala pansi ndi a Jafali, iwo akuwerenga ine ndikuwauza polemba, a Mwale ali pambali kumvetsera. Batani lililonse tinalipatsa dzina lolembedwa ndi lomveka. Tinakonza kuti Tabu izifika paliponse mwa dongosolo, kuyambira pa loimitsa, ndipo la moto lizifunsa kaye kuti mwatsimikiza. Mitundu tinaisiyanitsa. A Mwale anayesa okha osagwira mausi, ndipo mawu a m'mphuno aja ananena bwinobwino kuti imitsani moto. Tinayamba titamwa tiyi wa m'mawa, ndipo pomwe ana ankaweruka kusukulu tinali titamaliza. Ndinapita kuseri kwa ofesi n'kukalira, chifukwa kantchito kochepa chomwecho ndi kamene kanasenda msana wa mkazi wanga.

Ndiye inu amene mumapanga mapulogalamu, ndikukupemphani, musamapangire maso anu okha. Mukamaliza chinthu, chotsani mausi, tsinzinani, muone ngati mungafike pa batani lililonse ndi kiyibodi, ndipo mumve ngati likutchula dzina lake. Musadalire mtundu kapena chithunzi chokha. Muitaneni munthu wosaona ayese, ndipo akakuuzani chokonza, konzani tsiku lomwelo. Musati kuno kulibe wakhungu. Inenso ndinkatero, osadziwa kuti wakhungu woyamba kukhala pa kompyuta imeneyo ndidzakhala ine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo inu amene thupi layamba kukuthawani, kaya ndi maso kaya ndi makutu, nenani msanga, makamaka ngati miyoyo ya ena ikudutsa m'manja mwanu. Manyazi anga sanandibwezere diso ngakhale limodzi.

Lero sindionanso chilichonse. Tadala anakula, ndipo nkhaniyi amaimva ngati ya munthu wina. Mayi ake sanandisiye, koma nyengo yozizira ikafika chipsera chija chimawathina, ndipo ntchito yopaka mafuta ndi yanga. Chipseracho sindinachionepo ndi maso. Ndimachidziwa ndi zala, kuyambira paphewa kutsika mpaka m'chiuno, ndipo palibe tsiku limene zala zanga zinalephera kuwerenga zimene ndinalemba pamenepo.