Tomato Wapsa, Kalata Yafika

Lolemba m'mawa ndinapeza tomato woyamba atafiira m'kadimba kanga kuseri kwa nyumba. Ndinaitana mayi a Chisomo, akazi anga, kuti adzaone, ngati kwabwera mlendo wolemekezeka. Nditafika ku ofesi, abwana anandipatsa envulopu. Ndasamutsidwa. Mwezi wamawa ndikayambe ntchito ku Nsanje.

Sekani, palibe vuto. Inenso ndinaseka, koma mtima ukuwawa.

Ife ogwira ntchito m'boma tili ndi mwambo wathu wosalembedwa: pa nyumba ya lendi sitibzala kanthu. Munthu amafika kuchokera ku Dedza ngati ine, n'kusiya makatoni ena osamasula, amvekere "tangodutsa". Ndadutsa choncho mu Nkhata Bay zaka zisanu ndi ziwiri, ndikugula mpiru wofota kumsika pomwe kuseri kwa nyumba kukumera chisoso.

Chaka chino ndinagonja. Ndinazula miyala pamtsetse wa kuseri kwa nyumbako mpaka manja kutuluka matuza. Ndinathira manyowa a nkhuku, ndinathamangitsana ndi apusi, ndipo mipopi ikauma ndinkakwera chitunda ndi ndowa, dzuwa la Okutobala likundiwotcha pamsana. Lero repu wakula, therere layamba kubereka, maluwa a mayi a Chisomo ayanga kukhonde konse. Boma linkangodikira zimenezi?

Nkhani itamveka, anzanga a ku ofesi anabwera kudzandipepesa. Chodabwitsa n'chakuti onse amapepesa maso ali pa tomato. Mmodzi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwaona achimwene? N'chifukwa chake ife sitibzala." Akulankhula choncho, m'thumba mwake munali kale anyezi wanga.

Ndinapsa mtima. Ndinatenga khasu kuti ndigalauze zonse, wina asadyere thukuta langa. Apo n'kuti eni nyumba, aNyaChirwa, ataima pampanda.

"Ada, mwafuntha kasi?" anandifunsa, kutanthauza ngati mutu wanga ukuyenda bwino. "Mandimu mumafinyira mu tiyi aja, munabzala ndinu?"

Ndinati ayi, mtengowo ndinaupeza.

"Anabzala nesi wina wa ku Mulanje. Anauthirira zaka zitatu, boma n'kumusamutsa mtengowo uli ndi maluwa. Sanalaweko ngakhale limodzi."

Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikugawira anthu mandimu, iwo n'kumati yewo, ine n'kumavomera ngati ndine mwini luso.

Tikanakhala kuti tonse tili ndi nzeru ngati anzanga aja, nyumba za lendi m'tauni muno zikanakhala fumbi lokhalokha. Nanga ndi sukulu zingati, ndi maofesi angati, omwe akuoneka ngati malo odikirira basi chifukwa aliyense wa mmenemo akuti akungodutsa?

Khasu ndinalibweza. Ndowa ndikukwera nayobe.

Inu amene mudzalowe m'nyumbayi, kaya mukuchokera kuti: tomatoyo muzithirira madzulo, ndipo apusi amabwera mukangopita kutchalitchi. Mudzadya, sindikuletsani. Koma inuyo mudzasiyapo chiyani?