Anti Trien ndi Loko wa pa Njira ya Miyala

A komiti ya parishi andiuza kuti ndilembe za moyo wa Anti Trien mwaulemu, koma za loko ndisatchule. Ulemu ndiupereka kwa malemu. Za loko ndizitchula basi.

Katrina Windvogel, amene tonse tinkawatcha Anti Trien, anabadwira pa famu ya mphesa, kumene bambo awo ankalipidwa ndi vinyo. Anayamba kuthyola mphesa asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakwatiwa anakhala m'nyumba ya miyala kuseri kwa tchalitchi chathu, mpaka boma la tsankho linagamula kuti deralo ndi la azungu. Nyumba zinagwetsedwa, anthu n'kukatayidwa kutsidya kwa njanji. Amuna awo mowa unawaphera komweko. Komabe Lamlungu lililonse Anti ankawoloka njanji kudzapemphera, ndipo akakumana ndi mzungu panjira ankatsikira m'ngalande kuti iye adutse.

Tsankho litatha, wansembe wina anafuna kuti pabwalo la tchalitchi payalidwe njira yopempherera: kanjira kamodzi kozungulirazungulira mpaka pakati, kopanda mphambano, koti munthu aziyenda chete akulankhula ndi Mulungu. Miyala panalibe. Anti anatenga wilibala n'kukafukula maziko a nyumba zogwetsedwa zija. Mwala uliwonse ankaudziwa kwawo: uwu wa pakhomo pa a Fortuin, uwu wa pakhitchini panga. Lamulo anaika limodzi lokha. Awiri akakumana m'kanjirako, wotuluka apatuke, wolowa adutse, kaya akhale ndani. Ankati wotuluka watula kale katundu wake. Ndinaona ndi maso angawa dokotala wachizungu akupatukira Boeta Japie, uja amagona pansi pa mlatho.

Kenako alendo a mumzinda anayamba kubwera ndi magalimoto ndi makamera awo. Anadandaula kuti Boeta Japie ndi anzake akununkha. A Dawie Cupido, mkulu wa komiti, anamangitsa mpanda n'kukoloweka loko pachipata. Ofuna kuyenda azikapempha ku ofesi, atavala bwino. Ndipo a Cupido omwewa, mayi awo anathamangitsidwa nawo m'nyumba zomwe zija.

A Cupido anapereka kiyi kwa Anti pamaso pa mpingo wonse ngati mphatso. Anti anabweza.

"Dawie, mwana wanga, matewera ako ndinachapa ndine," anatero. "Mwala wa pakhomo pa mayi ako uli m'katimo. Waukiyira ndani?"

A Cupido anaseka nati Anti akula, sakudziwa kuti zinthu zinasintha. Anti sanapondenso pa miyala yawoyo. Lachisanu lililonse m'mawa ankajambula njira yomweyo ndi ndodo pafumbi, kunja kwa mpanda, poimika magalimoto, n'kumayenda ndi onse okanizidwa aja. Matayala ankafafaniza, iwo n'kujambulanso. Mawondo atafooka, Boeta Japie ankawagwira mkono, uku akudzitama kuti njira yokhota ngati iyi chidakwa chimaiyenda bwino kuposa wansembe. Anti ankamuuza kuti atseke pakamwa, Mulungu amveko ena.

Tsiku lina ndinabwera kwa Anti ndi sowo yodulira zitsulo, kuti ndikadule loko uja. Anandiyang'ana nati, "Bweza chimenecho, mwana iwe. Atsekule yemwe anakiya. Ukamudulira iwe, iye sadzachira." Ndinalonjeza, mano ali gwa.

Anamwalira Lachisanu, atabwerako koyenda. Anamwa khofi wawo, anakhala pampando pakhonde, n'kutsinzina. Anansi anawapeza manja ali pachifuwa, kumapazi kuli fumbi. Pamaliro a Cupido analankhula nthawi yaitali za kudzichepetsa kwa malemu. Boeta Japie anamvera ali panja.

Tsopano komiti yagwirizana zokhoma chikwangwani cha dzina la Anti pachipata chija, pamwamba penipeni pa loko. Mayi amene ankatsikira m'ngalande theka la moyo wake, mukufuna dzina lake lizilondera khomo lokaniza anthu? Manyazi mulibe?

Sowo ndikadali nayo, koma lonjezo ndi lonjezo. Lachisanu tidzakhala pafumbi paja, ndodo ya Anti ili m'manja mwa Japie. A Cupido, kiyi ali m'thumba mwanu. Lowani, yendani mpaka pakati, mukaone mwala wa mayi anu. Potuluka mudzakumana ndi Boeta Japie pachipata, akufuna kulowa. Lamulo la Anti mukulidziwa.