Dzanja la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a chemwali, ndi ometa. Kashopu kawo kali ndi mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi chitini cha paudala. Zaka makumi awiri akumeta ndevu ndi lezala sanatemepo munthu, ndipo salola kuti uiwale zimenezo.

Vuto lawo ndi mphumu. Akabanika amapopera kapampu m'kamwa, mpweya n'kubwerera, koma manja amayamba kunjenjemera. Ndani angapereke khosi lake kwa wometa wonjenjemera? Makasitomala akangosuzumira pakhomo ankakumbukira kuti ali ndi kopita.

Ndiye alamu, ndi nzeru zawozo, anatsekera kapampu m'dirowa, n'kumameta chifuwa chikulira ngati wezulo. Telala wa khomo loyandikana anabwera ndi chithandizo chake: mapiritsi ake a mtima, akuti amaletsa kunjenjemera.

Ndinawapeza alamu piritsi lili kudzanja, kapu ya madzi pambali. Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha. Ndinawakokera kuchipatala osawapatsa mpata wosintha malaya.

"Bambo, m'thupi muli timakomo ting'onoting'ono totchedwa beta," anatero dokotala. "Mankhwala a m'kapampu akagogoda pa timakomo ta m'mapapo, njira za mpweya zimatseguka. Koma timakomo tomweto tilinso m'minofu ya manja, n'chifukwa chake mumanjenjemera. Piritsi la atelalali limatseka timakomoto. Manja akanakhazikika, inde, koma chifuwa chikanatsekeka, kapampu osathandizanso."

"Ndiye ndisankhe chiyani, adokotala, kupuma kapena kumeta?"

Dokotala anayang'ana malaya awo, ali mbuu.

"Yambani mwataya paudalayo. Mukupuma fumbi tsiku lonse."

Anawapatsanso kapampu kena ka tsiku ndi tsiku, koteteza kuti asamabanike pafupipafupi.

Patatha mwezi chifuwa chinali zii, manja ali bwinobwino, koma mpando unali wopanda munthu. Mbiri yoipa imachedwa kuchoka mumsewu. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta galasi loyera kale, ndipo chisoni chinandigwira.

"Alamu, ndimeteni," ndinatero, ngakhale ndevu zanga ndi zowerengeka.

Anatsegula chitseko chonse kuti odutsa aone. Telala anaimitsa makina ake. Lezala litafika pakhosi, amene ankanjenjemera ndinali ine.

"Khazikikani, alamu," anandinong'oneza. "Zaka makumi awiri izi, musandionongere lero."

Pomwe ndimadzuka, telala anali atavula kale chipewa, akudikira mpando.