Makina Amazima Mwana Akagona

Bambo owotcherera zitsulo a mumsewu uno ndi aphokoso, koma dzuwa likafika paliwombo amazimitsa makina onse. Imeneyo ndi nthawi yoti kamdzukulu kawo, kongoyamba kumene kuyenda, kagone. Amati, "Chitsulo chimadikira, tulo ta mwana sitidikira."

Tsiku lina masana kunabwera mwini maminibasi, kasitomala wawo wamkulu, ndi galimoto yothyoka chitseko.

"Madala, ndili pachangu. Yatsani makinawo, apo ayi simudzandionanso."

Iwo sanadzuke n'komwe. Ankangokupiza kamwanako ndi katoni.

"Muyende bwino, achimwene," ananong'ona. "Koma galimotoyo musailizire pano. Ikankheni."

Munthu uja anachoka akung'ung'udza ndipo sanabwerenso. Koma galimotoyo anaikankhadi mpaka pakona.