Thupi la Ba Judith

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Kanyama chaka chimene madzi a mvula analowa mu saluni yathu mpaka m'mawondo. Tinakolopa matope, makasitomala osabwera. Mnzanga wina woluka tsitsi ku Joni atanditumizira uthenga kuti malo alipo, sindinafunse kawiri. Ndinatsanzikana ndi mkulu wanga, Ba Judith, amene anandilera amayi atamwalira, n'kukwera basi.

Ku Joni ntchito inalipo, koma yoimirira. M'mawa mpaka madzulo ndili chilili kumbuyo kwa mutu wa munthu, chakudya changa tchipisi ndi poloni zapakona, chakumwa chotsekemera pamwamba. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda, ndipo kunena zoona, nthawi zambiri ndinkadya chifukwa chosowa wocheza naye. Ndinanenepa. Zithunzi zanga zikafika pafoni, Ba Judith ankaziyendetsa khomo ndi khomo kuti anthu aone mmene Joni yandiyanjira. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, osaphonya.

Tsiku lina ndikuluka, m'maso munachita mdima, khosi n'kulemera. Kukiliniki namwino anandimanga lamba pamkono, kuyang'ana makina, kundiyang'ana ine, n'kuyezanso. Anati magazi anga akuthamanga kwambiri, BP imene. Anandipatsa mapiritsi omwa tsiku lililonse, mutu upweteke usapweteke, n'kundichenjeza kuti mapiritsi okha sangalimbe ngati ine ndikuwagwetsa ndi mchere ndi mafuta. Ndinachita mantha kwambiri. Amayi athu anagwa akuchapa, mbali imodzi ya thupi n'kufa, ndipo sanalankhulenso mpaka tsiku lawo.

Ndinayamba kudziphikira: nyemba, masamba, mchere wongotsina. Takisi ndinkatsikira patali kuti ndiyendeko. Masabata oyamba chakudya chinkangomveka zii, ndipo ndinkakwiyira aliyense, ngakhale makasitomala osalakwa. Kenako lilime linazolowera. Thupi linatsika, BP nayo inatsika, koma mapiritsi sindinasiye.

Saluni ya ku Joni itatsekedwa, ndinabwerera kwathu. Ba Judith anandilandira ndi nthungululu, kenako anandiyang'ana kumutu mpaka kumapazi, chimwemwe n'kuzirala.

"Iwe Esnart, thupi wasiya kuti? Uli che bwino?"

Anali atandiphikira ngati pali ukwati: soseji, nkhuku yosambira m'mafuta, kapenta wokazinga, mchere wina pakambale pambali. Ndinadya pang'ono, n'kufunsa ngati masamba a dzungu alipo. Anangochotsa mbale. M'mawa mwake, pa kiyosiki yotungira madzi, azimayi ankandipatsa moni wachisoni, uja amapatsa munthu amene amuweruza kale kuti ali ndi matenda osatchula dzina.

Zimenezo ndinangoseka. Chimene chinandiwawa ndinachiona Loweruka lotsatira. Ba Judith anagwira mutu, n'kupita kwa mayi woyandikana nafe kukapempha "kamodzi ka BP". Ba Judith nawonso anali ndi BP, kalekale, osandiuza. Mapiritsi awo a kukiliniki ankamwa mutu ukawawa basi, otsala n'kumabwerekana ndi anzawo ngati machesi.

Ndinapsa mtima. "Ba sisi, mufuna mukagwe monga ba mami? Aya mankhwala ni ya masiku onse. Na mafuta aya, na mchere, muchepeseko!"

"Niziba, ba nesi ananiuza vonse," anayankha osandiyang'ana. "Manje nikayonda, banthu bazakamba chani? Bazakamba ati mufana wake ku Joni anamuibala. Ine sinifuna bakuseke."

Kwathu kuno thupi la wotsala pakhomo ndilo limachitira umboni amene ali kunja. Zaka zonsezo mkulu wanga ankadya zonona poteteza dzina langa, ine ndili kutali ndikutumiza zogulira zomwezo, n'kumadzitama kuti ndikuwasamala. Ndinakhala pachidebe n'kulira, iwo n'kumandikalipira kuti ndiwadzutsira mutu.

Tsiku limenelo sitinamvane. Panatenga kunyengerera ndi kukangana kuti avomere ndiwaperekeze kukiliniki, kumene anawayezanso n'kuwauza zomwe anandiuza ine. Masiku ano mapiritsi timamwera limodzi m'mawa, aliyense ake, ndipo obwereka timawauza kuti akatenge awo. Kumsika wa Soweto wa kwathu kuno timapita wapansi, minibasi zikutiimbira hutala. Mchere ndimathira ine. Amadandaula chakudya chilichonse, koma mbale amamaliza, ndipo mutu uja wasiya kuwavuta pafupipafupi.

Sabata yatha, tikuchokera kumsika thukuta lili kamukamu, mayi wina wa pakiyosiki anakuwa kuti onse amve: "Ba Judith, mwasila, mwayonda! Njala yangena m'nyumba?"

Ndinaima, kuopa kuti madzulo ano soseji ibwereranso. Ba Judith anatula dengu, n'kumangitsa chitenje chawo chimene tsopano chimakhwefuka.

"Njala kulibe, mayi," anatero. "Mufana wanga afuna nikalambe. Tiyonda tonse babili, mukambe va ise pamozi."